Phala Logona mu Mtsuko

Chaka chimene akazi anga anatisiya ndinaonda mpaka lamba anasowa pobowola. Mwana wanga wamkazi, amene amagwira ntchito ku Blantyre, atabwera anandizungulira ngati wogula mbuzi pamsika wa Manjawira, n'kugamula mlandu: akadzandipeza chonchi ulendo wina, adzandinyamula. Kwake ndinafikako. Kachipinda kamodzi, zenera loyang'ana khoma la eni ake. Kuno ndikakhala pakhonde ndimaona mitengo ya kumanda, ndipo ndimadziwa kuti mnzanga anagona pansi pa uti.

Vuto linali la m'mawa. Madzulo alamu anga, ang'ono awo a malemu, ankanditumizira mbale, koma kukacha aliyense ali kumunda, ndipo ine m'khitchini sindinkalowamo. Mafuwa anali momwe anawasiyira eni ake. Ku Joni ndinkatsika mumgodi osanjenjemera, koma kachitseko ka bango kameneko kanandilaka.

Mwanayo anabwera ndi nzeru za m'tauni. Anatulutsa paketi ya timbewu toyera tophwatalala, akuti otsi, timene ku Joni ndinkaona akupatsa akavalo. Ndinamuuza zimenezo, iye osaseka. Anatenga botolo la kukamwa kwakukulu, n'kuthiramo otsiwo, mkaka wa ufa wosungunula, shuga, kenaka sipuni ya koko wa kudimba, wophika kale n'kusinja, amene anabwera naye m'kabakuli. Anatseka, n'kuliika mu mtsuko wa madzi akumwa kuti ligone pozizira. Moto ayi. Mawa kungotsegula n'kudya.

Ndinati mkute ndimaudziwa, koma mkute unaonako moto. Chakudya choyera, chosaphika, chosiyidwa chokha mpaka kucha, kwathu tinkathira patsinde pa mtengo, ndipo odya ake sankabwera ndi mbale.

"Ababa, mwayambatu," anatero. "Ingodyani."

Kutacha ndinavuula botolo. Mkaka wonse unali utaphwa, phala lili gwa, la mtundu wa phulusa. Mwanayo anati amwa ndi otsi. Ndinavomera, poti wa sukulu ndi iyeyo. Koma mtsuko umenewo anaumba ndi amayi ake, zala zawo zikuonekabe m'khosi mwake, ndipo mkaka ankaukonda kuposa thole. Phalalo linali lozizira ngati mwala wa m'dambo, komabe lokoma. Ndinkadya nditayang'ana kukhomo, mtsuko uli kumsana.

Mwanayo atabwerera, koko wake sanachedwe kutha. Kudimba kunali wina, wobzalidwa ndi malemu, amene ankangophuka yekha popanda womupalira. Ndinakakumba. Ndiye ndinaganiza mwauchikulire: ngati otsi akupsa popanda moto, koko ndani kuti afune moto? Zaka zonsezi ine koko ndinkangokumana naye m'mbale. Ndinamusenda, kumusinja wamuwisi, n'kuthira m'botolo.

M'mawa sipuni yoyamba inatsika bwino. Ndisanameze ina, pakhosi panagwira. Kunali ngati munthu wandithira minga m'kamwa, kenaka n'kufinya khosi ndi dzanja. Lilime linalemera. Ndinayesa kuitana, mawu osatuluka. M'nyumba munali zii, mtsuko uli pakona ukuchita thukuta. Mumtima ndinati, mwandibwerera, mayi. Ndipo ine, amene ndinkauza aliyense kuti ndikufuna kuwatsatira, ndinakwawira pakhonde ngati mwana wothawa kusamba.

Pamenepo ndi pomwe anandipeza alamu, khasu lili paphewa. Anayang'ana m'botolo, anaona makoko pamtondo, n'kuseka mpaka kukhala pansi. Anandichukuchitsa m'kamwa, kundimwetsa mkaka, akundifunsa ngati ku Joni tinkadyanso nyemba zaziwisi. Kuseka kutatha anapukuta misozi, n'kunena kuti mwana ayenera kumva. Foni anali nayo m'chitenje. Mawu anga anabwerera nthawi yomweyo, osasa ngati a chule.

"Alamu, mukandiulula, ndikafera ku Blantyre."

"Ndiye kolezani moto umo. Inuyo, osati ine. Achemwali anga anasiya khitchini, sanasiye manda awiri."

Ndinakankha chitseko. Munkanunkha utsi wakale. Kansanza kawo kophulira miphika kanali pamsomali, kopindikabe momwe kanachokera m'dzanja. Ndinagwada pamafuwa, n'kuyamba kuuzira, phulusa la chaka chatha likundibwerera kumaso. Alamu anakhala pakhomo, kumbuyo kwanga, n'kumandilangiza kuti madzi achuluka, nkhuni ndikankhe, koko sapsa mpaka kamtengo kalowe kosakakamiza. Mawu awo ndi a akulu awo enieni, mpaka katsokomole kapakati pa nkhani. Sindinacheuke. Ndinkadziwa amene ali pakhomo, koma sindinafune kutsimikiza.

Mwana anabwera titakolola. Anandifinya mkono, anaona mwaye m'zikhadabo zanga, anaima nthawi yaitali akuyang'ana utsi ukutuluka m'denga la khitchini. Anagona, kutacha tinagawana botolo limodzi, ndipo minibasi anakwera yekha ndi kathumba ka koko.

Ndidakali pano. Koko ndimaphika ndekha, kumusinja, kumugoneka ndi otsi mu mtsuko. Alamu anasiya kalekale kudzandilangiza, akuti ndakula. Koma ndikagwada pamafuwa, chitseko chili chotsegula kumbuyo kwanga, sindicheukabe.