Miyoyo Itatu ya Tamanda

Achimwene anga a Chakufwa anabwera kuchokera ku Joni chaka chatha ndi chikwama chimodzi komanso kabokosi kakuda ka magemu. Kumeneko ankakonza mafoni, ndipo ndi munthu woti wailesi ikafa sadya mpaka ilankhule. Pa Nsaru anapeza kachipinda kuseri kwa chigayo, naikamo TV, batire ya sola ndi mabenchi awiri.

Kabokosiko ndi katsopano, koma anaikamo pulogalamu yokachititsa kudziyesa makina akale, aja ankaseweretsa ana a m'tauni ife tisanabadwe. Tianthu ting'onoting'ono timadumpha maenje, kanyimbo kake ngati ka foni ya mabatani.

"Makina eniakewo anafa kalekale, chemwali," anandiuza tsiku lina nditawapititsira mbatata. "Ine ndimangowadzutsa."

"Mawu amenewo musamanene pagulu, achimwene."

"Iwe wofika Fomu 2 ukuopa mawaya?"

Mwana wanga Tamanda, wa zaka zisanu ndi chimodzi, ankasewera ulere poti eni ake ndi amalume ake. M'gemumo umayamba ndi miyoyo itatu, ukagwa m'dzenje umodzi wapita. Lachiwiri lina amalumewo anamulanda chosewerera kuti amuonetse kadumphidwe, nagwa kawiri. Mwanayo anandipeza pa mjigo, azimayi ali pa mzere.

"Amayi, amalume andithera miyoyo iwiri. Ndatsala ndi umodzi."

Amene ankapopa anasiya. A Tisiyenji, oyandikana nawo nyumba, anatsitsa ndowa pansi. "Eti mwanayu wati chiyani?"

Ndinafotokoza kuti ndi za m'gemu chabe, koma azimayiwo anayamba kunong'onezana.

Lachisanu Tamanda anatentha thupi. Kuchipatala anati malungo, natipatsa mankhwala. Koma kwathu kuno amati munthu wofuna kukhwima pa bizinesi amayambira pa mwana wa mlongo wake. Odzazonda sanafunse n'komwe za mankhwala.

"Kodi dzina la mwanayu lili m'bokosi lija?" anafunsa a Tisiyenji.

Linalimo, pa mndandanda wa opambana, pamodzi ndi a ana ena asanu. Ndinavomera, chifukwa sindidziwa kunama mwachangu.

Mawa lake masana ndinaona azibambo ataima pa chigayo opanda thumba la chimanga ngakhale limodzi. Wina anagwira botolo la petulo. Ndinazungulira kuseri, n'kupeza achimwene akupukuta fumbi pa TV.

"Thawani, achimwene."

"Ndithawe chiyani? Ndiwaitane, ndifufute mayina onsewo iwo akuona."

"Mufufute dzina la Tamanda iye ali chigonere? Akati chiyani?"

Anaika kansanza pansi. Kenako anazula mawaya, naika kabokosi m'jumbo, n'kutulukira m'munda wa fodya. Panopa ali kwa mnzawo ku Namitete.

Azibambo aja anathyola chitseko, naswa TV. Atatero anafika pakhomo panga, nakhala pa khonde mwaulemu ndithu. Amuna a a Tisiyenji anavula chipewa.

"Musaope, mayi a Tamanda. Kumene ali achimwene anu tikukudziwa. Tiyambe taona ngati mwanayu achire."

Lero ndi tsiku lachitatu la mankhwala. Ndimamumwetsa nthawi yake, ndimamukhudza pachipumi mpaka amandikankha dzanja. Sanazizirebe. M'mawa uno a Tisiyenji anasuzumira pakhomo, nafunsa mmene Tamanda wadzukira, kenako anapita molunjika ku chigayo, kumene azibambo aja akudikira.