Singano yanga m'chisakasa cha bambo

Mwana wathu wachiwiri, wamkazi, sanayendepo chibadwire. Miyendo inapuwala ali khanda, koma manja Mulungu anam'patsa amphamvu, ndipo ali ndi njinga ya mateyala atatu yopalasa ndi manja. Ndi njinga imeneyo amapita yekha kutchalitchi kumene amaimba kwaya, ndiponso kumsika wa pa boma kukagulitsa zoluka zake. Chaka chimene ndikunenachi, nandolo atayamba kuuma, anagwera m'dzenje pochokera kokonzekera nyimbo, ndipo gudumu lina lakumbuyo linathyoka pakati, pamene pamalowa ekiselo, chitsulo chimene gudumu limazungulirapo. Masabata atatu anakhala pakhonde. Sankadandaula, koma Lamulungu belu likalira ankatembenukira kukhoma.

Bambo ake anagwira ntchito zaka zambiri m'shopu ya zitsulo pa esiteti ya tiyi ku Mulanje. Popuma anabwera ndi makina akale oboolera zitsulo, nawaika m'chisakasa kuseri kwa nyumba. Si kuti ankadyerapo, kunali kukonda chabe. Ine m'menemo sindinkalowa. Ankati ndikasesa masipanala amasamuka.

Anapeza zitsulo ziwiri zozungulira, zophwatalala ngati chivundikiro cha poto waung'ono, zoti chimodzi chilowe m'malo mwa chothyokacho. Ntchito yake inali kuboola bowo limodzi pakati penipeni. Choyamba anaboola, namanga gudumu. Mwana atakwera n'kuzungulira pabwalo, njinga inkadumphadumpha, teyala likukhula mpando. Bowo linali litapatuka ngati njere ya mpunga basi.

"Ababa, iyi ikandifikitsa kumowa, osati kutchalitchi," anatero mwanayo.

Ine ndinaseka. Bambo ake sanaseke.

Chinatsala chitsulo chimodzi, ndipo masiku awiri sanachikhudze. Ine chifukwa chake ndinkachidziwa. Miyezi imeneyo ankathira tiyi pambali pa kapu, ndipo munthu akamabwera pamsewu ankandifunsa kuti ndi ndani, chonsecho ndi mlongo wawo. Koma munthu amene wadya ndi maso ake moyo wonse sungangomuuza kuti maso atha. Ndinkangowauza Ambuye ndikamatsuka mbale.

Tsiku lachitatu m'mawa, magetsi atayaka, ndinamva akuitana.

"Mayi a ana, tabwerani ndi singano imodzi. Yowongoka, osati zokhota zanu zija."

"Zokhota zomwezo ndi zimene zimakusokerani mathalauza," ndinayankha, koma ndinasankha yatsopano m'kapepala.

M'chisakasamo chitsulo chija chinali pathebulo la makina. Anali atalembapo mizere iwiri yopingasa, yopyapyala ngati tsitsi, ndipo pokumana mizereyo ndi pamene panali pakati. Anatenga kaphula ka njuchi, nakafewetsa m'manja, nakamata kunsonga ya chitsulo choboolera, kenako anabaya singano yanga m'phulamo, nsonga ikuloza pansi. Anati ku esiteti anali ndi kachipangizo kogula kochitira zimenezi, koma amisiri akale ankangochita chonchi.

Atayatsa makina, singano inayamba kuvina, nsonga yake ikuzungulira kabwalo m'malere.

"Muikhudze ndi chikhadabo pang'onopang'ono mpaka isiye kuvina," anatero. "Ikaoneka ngati yaima pamene makina akuzungulirabe, ndiye kuti yaloza pamene bowo lidzagwere. Kenako tisuntha chitsulochi mpaka mphambano ya mizere ikhale pansi pake."

"Nanga inu osachita bwanji?"

Anati, "Ine ndikuona masingano awiri. Mizereyo sindikuionanso."

Ndinamanga bwino duku, n'kupinda manja a bulauzi monga anandiuzira, kuti makina asandikoke.

Ulendo woyamba ndinakankha kwambiri. Singano inauluka, ndipo ndinaitola kuseri kwa chitini cha mafuta.

"Inu, si kusinja chinangwa uku," anatero.

"Mukanaitana amene amadziwa."

"Amene amadziwa ndi uyu wakhungu. Bwerezani."

Ulendo wachitatu ndinachita ngati mmene ndimalondolera nsalu pansi pa singano posoka, osakankha, kungotsogolera. Kabwalo kaja kanayamba kuchepa, kuchepa, mpaka singano inaima nji, makina akulirabe. Ndinati, "Yaima." Anafunsa kawiri ngati yaimadi.

Tsopano kusuntha chitsulo. Iwo anagwira kahamala, ine ndinawerama kuyang'ana nsonga. Poti tinali moyang'anizana, ndikati kumanja iwo ankagogodera kumanja kwawo, zinthu n'kuipiraipira. Tinatsala pang'ono kukangana. Ndiye ndinayang'ana pakhomo la chisakasa, n'kuona phiri la Michesi uko, la Mulanje uku.

"Gogodani chipite ku Michesi."

Go.

"Mwapyola. Bwezani ku Mulanje pang'ono. Pang'ono zedi, ngati mukudzutsa khanda."

Zitakhala bwino anandiuza kuti ndizungulire ndikaonenso chakumbali, chifukwa diso la mbali imodzi limanama. Zinalidi zoona, kumbaliko nsonga inali isanafike pamzere. Tinakonza. Atamanga mabawuti ogwirira, chitsulo chinasunthanso, tinayambiranso. Msana unandiwawa. Mwana pakhonde anafuula kuti, "Kodi m'menemo mukupangana ukwati wachiwiri?"

Potsiriza ndinayang'ana kutsogolo, ndinayang'ana kumbali, nsonga ili pamphambano penipeni. Ndinati, "Dikirani," n'kutseka maso kupemphera mwachidule. Iwo anavula chipewa, chinthu chimene sindinayembekeze. Kenako anachotsa phula ndi singano, nayamba kuboola, ine ndikudonthezera mafuta. Kuboolako sikunafune maso. Manja awo ankamva okha mmene chitsulo chikudyekera.

Madzulo ake anamanga gudumu, naimika njinga pa njerwa, nalizungulitsa. Anaika chala pafupi ndi limu, mkombero wa gudumulo, osayang'ana n'komwe. Gudumu linazungulira mpaka kuima lokha, osagunda chalacho.

"Mwana akwere," anatero.

Lamulungu lotsatira mwanayo ananyamuka belu loyamba lisanalire. Ife tinatsatira pambuyo wapansi, ndipo m'fumbi la msewu ndinkaona mizere itatu ya mateyala ake, yowongoka mpaka pokhotera. Titafika tinam'peza ali kale kutsogolo ndi anzake, buku la nyimbo pamiyendo.

Panjira pobwerera bambo ake anandifunsa kuti a maso amabwera tsiku liti kuchipatala. Ndinawauza, poti ndinali nditafunsa kalekale. Diso limodzi anawachotsa ng'ala, linalo akudikirabe, ndipo ndimathokoza Mulungu pa limodzilo. Mizere tsopano amaiona. Komabe pakakhala bowo lofunika amaitana, ati awiri salakwa pamodzi. Singano ija sanandibwezere. Ili pamtengo wa chisakasa, yobayidwa m'kaphula kake, pamwamba pa masipanala amene mpaka lero saloleza kuti ndiwasunthe.