Timu ya Ba Sajeni

Ndikukumbukira pompi ya kwathu ku komboni ya Mtendere, imene inkatulutsa madzi ikafuna yokha. Pambali pake panali bwalo la fumbi pomwe tinkamenyera chimpombwa, mpira wa mapulasitiki womanga ndi malegeni. Tsidya la bwalolo kunkakhala Ba Sajeni Mbewe, mkulu wochokera ku Malawi, amene anamenya nkhondo ya azungu ku Burma ali mnyamata.

Chaka chilichonse mu Novembala, dzuwa likuwotcha ngati tinalilakwira, Ba Sajeni ankavala jekete la mamendulo ndi jombo. Jombozo zinkawala moti tambala wa Amake Tisa anadziona mmenemo n'kumenyana nazo mpaka kukomoka. Ndinaona ndi maso angawa. Mkuluyo ankaima njo pafupi ndi pompi n'kumaitana mayina a anzake amene anatsala m'nkhalango za kunkhondo. Akatchula dzina ankadikira pang'ono, ngati mwini wake ayankha.

Palibe ankaima. Amayi ankapitiriza kukanganira mzere wa zigubu, ogulitsa makala n'kumadutsa akuliza belu la njinga. Wina ankangoti, "Ba Sajeni ayamba futi vinthu vao."

Ife ana ndi amene tinkamvetsera, koma osati mwaulemu ayi. Timu yathu inkasowa mayina. Anyamata a ku komboni ya Kalingalinga anali atatenga mayina onse a akatswiri a pa wailesi, ndiye ife tinangotola a Ba Sajeni. Ine ndinakhala Jailosi. Amayi anga atamva anagwira kumutu: "Mufuna mizimu ibwere kugona muno? Nyumba ni ing'ono kudala!"

Tsiku lina mpira uli mkati, tikukuwa kuti "Patsa Yohane! Patsa Yohane!", tinangoona Ba Sajeni aima pakati pa bwalo, ndodo kumanja. Mnzathu Mabvuto analumpha mpanda n'kukatera kumayadi a anthu olemera ku Kabulonga. Mpaka lero ali komweko, mukafunse.

"Jailosi nindani apa?"

Ndinakweza dzanja.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku zala zanga zong'aluka. "Jailosi sanali kuthamanga, anali na chimimba. Koma kulibe chinali kumupita. Yenda pa golo."

Basi, anaisintha timu yonse. Aliyense anamuuza za mwini dzina lake: Yohane ankaimba poguba ngakhale analibe mawu, Saimoni ankaopa njoka kuposa zipolopolo. Atafika pa Chanda, mnyamata wofatsa wotchinga kumbuyo chakumanzere, anatsitsa mawu. Anati msilikali mwini dzina limene Chanda anatola ndi amene anawabereka kumsana atawomberedwa mwendo, kenako anabwerera kukatenga wina, osabweranso. "Dzina ili usaligwetse, mwana wanga," anatero.

Novembala wotsatira Ba Sajeni anaima pamalo pawo pa masiku onse. Ataitana "Jailosi!" ndinayankha kumbuyo kwawo kuti "Nilipo!" Anagwedezeka ngati awomberedwanso. Anaitana lachiwiri, linayankhidwa. Lachitatu, chimodzimodzi. Tinali titandanda opanda nsapato, mimba panja, fungo la sopo ndi matope lili m'mphuno. Pompi inasiya kutulutsa madzi chifukwa cha ulemu. Ena amati inkasiya kale nthawi ngati imeneyo, koma amenewo ndi ansanje. Amayi a pamzere wa zigubu anatembenuka kutiyang'ana, mpaka wina anakankhira chigubu chake patsogolo, mkangano n'kuyambiranso. Ba Sajeni anapukuta m'maso n'kunena kuti fumbi la ku Mtendere ndi loipa kuposa la ku Burma.

Lero pabwalo paja pali timashopu ndi potsukira magalimoto. Ba Sajeni anapita kale, ndipo pamaliro awo anthu ankakamba za mtengo wa unga wa nsima. Chanda nayenso tinamuika m'manda. Akuluakulu amaikabe nkhata za maluwa zokumbukira asilikali m'tauni kamodzi pachaka, maminibasi akuimba mahutala kuti mwambo uthe msanga.

Ine Novembala akafika ndimaitana timu ija chamumtima, kuyambira pa golo. Onse amabwera, kupatula wa kumbuyo chakumanzere. Chanda sitinkamupatsa mpira kawirikawiri, ndiye dzina la msilikali limene anatola lija silinazolowereke pakamwa pathu. Ndafunsa onse otsala, palibe akulikumbukira. Anzanga amati ndingopeka lina, poti amati kupeka ndimakutha. Limeneli ayi. Ndikafika pamenepo ndimangodikira pang'ono, monga ankachitira Ba Sajeni.