Tsiku limene atate anathira sitachi yunifomu ya Tika

Loweruka lapitali ndinapeza thalauzi litaima lokha pakhonde la atate ku Kasanda, kuno ku Kabwe. Munalibe munthu m'kati mwake. Linangoima ndi miyendo yake iwiri, litatsamira khoma pang'ono, mizere yakutsogolo ili yakuthwa moti ukanadulira tomato.

Amene munakulira m'nyumba ya msilikali mwadziwa kale chimene chinachitika. Enanu khalani pansi ndikuuzeni.

Mng'ono wanga Tikambenji, amene timangomuti Tika, anamaliza maphunziro a usilikali miyezi ingapo yapitayo. Aka kanali koyamba kuti amupatse masiku oti adzatione. Anafika Lachisanu masana atavala yunifomu yatsopanoyi, ya mawangamawanga, yofewa, ya matumba mpaka m'mikono. Amayi analulutira mpaka agalu a oyandikana nawo anayankha. Ine ndinachoka ku Nakoli pa minibasi, mawindo a nyumba yanga ndinaiwala kutseka.

Atate, a Daka, sajeni wopuma ntchito, anadzuka pampando n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiye yunifomu yamene iyi?"

"Ndiye yamene iyi, atate."

"Sibanakupaseko nsimbi?"

Anangonena zomwezo n'kubwerera pampando. Tika anaseka, koma ine ndimamudziwa mwana uja, zinamulasa.

Muyenera kuwamvetsa atate athu. Pakamwa pawo sipatuluka mawu oyamikira munthu. Iwo amasita. Nditakhoza mayeso a giredi seveni sananene kanthu, koma m'mawa ndinapeza diresi langa litasitidwa, masokosi omwe. Pa ukwati wanga analanda suti ya mkamwini wawo n'kuisitanso, ngakhale inali itachokera kumene kochapitsa. Kwathu mwana ankadziwa kuti wakondweretsa atate akamva fungo la makala m'nsimbi.

Ndiye Loweruka m'mawa Tika anachapa yunifomu ija, n'kuiyanika, ife awiri n'kupita kutauni kukagula zoti atenge pobwerera. Titangokhota pangodya, atate anayamba ntchito. Anasinja chinangwa okha, anasefa, anaphika kaphala kamadzimadzi kaja kamene asilikali akale ankalimbitsira zovala, kamene amati sitachi. Anaviika malaya ndi thalauzi, anayanikanso kuseri kumene sikufika fumbi la Kasanda, kenaka anakoleza makala poti magetsi anali atazima mwa masiku onse.

Pamene tinkafika cha m'ma thu koloko, n'kuti iwo atakhala pampando wawo, nyuzipepala ili m'manja, akunamizira kuwerenga. Maso anali pa Tika.

Tika anandikokera kuseri kwa nyumba.

"Ba sisi, nafa ine," anatero monong'ona. "Iyi sibaifaka sitachi. Ni oda, ni lamulo. Nsalu iyi ifunika izipuma, isazing'anima. Mailo pa Sande sikisi koloko kumadzulo nifunika nikalowe nayo pa geti. Bakaniona na malaini aya, nizathamanga na chikwama cha mchenga wiki yonse, na Khrisimasi sibazanilola kubwera."

"Manje ingochapa."

"Pamenso pawo? Bauzeni ndimwe, ndimwe bakulu."

Ine amene mumandidziwa m'danga lino la nyuzipepala, wa pakamwa posawopa nduna kapena bishopu, ndinakana. Ndinakanitsitsa. Munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri wagwada pamtondo m'mawa wonse kuti auze mwana wake kuti wamunyadira, ndiye ine ndikamuuze kuti wawononga? Mantha ndinali nawo, komanso chisoni chinandigwira.

Tinathamangira kwa amayi kukhitchini. Anatiyang'ana akusenda anyezi.

"Ine musaniikemo," anatero. "Ninabauza ati bashi Misozi, yembekezani mwine wake abwere. Bananiyankha ati nidziwa chani pa za usoja. Ine wamene ninasinja chinangwa zaka twente-faivi mpaka zala zinapindika. Wamene anachosako sitachi ku usoja, Mulungu amudalise, na bana bake."

Misozi ndine, bashi Misozi ndi atate, ndipo aka kanali koyamba kumva kuti amayi ankadana nacho chinangwa chija.

Apa ndiime kaye pang'ono, chifukwa nkhaniyi si ya kwathu kokha.

Kabwe ndi tauni ya asilikali. Pitani pansi pa mtengo uliwonse pamene pamakhala nsolo, mukapeza madala awiri kapena atatu amene anavalapo jombo. Dikirani msilikali wachinyamata adutse. Mudzamva kuti nsalu ya masiku ano ndi ya ulesi. Mudzamva kuti kale munthu ankadziwika kuti ndi msilikali ali kutali, pamene lero sudziwa ngati akupita ku perete kapena akuchokera kogona. Wina adzakuwonetsani chipsera cha pakhosi pamene kolala youma inkamucheka, ndipo adzachiwonetsa monyadira ngati mendulo.

Ndiye funsani achinyamatawo. Adzakuuzani kuti yatsopanoyi imauma msanga ikanyowa, sipsereza m'khwapa dzuwa la Okutobala likafika, ili ndi poika chilichonse, ndipo munthu umatha kugwada osamva ngati wavala chitseko. Tika amawonjeza kuti iyi anaisoka akudziwa kuti kuli asilikali aakazi.

Onse akunena zoona. Nanga mkangano ukuchokera pati?

Ine ndimaona chonchi. Akasintha yunifomu, amalembera kalata amene ali pa ntchito, kuwauza chifukwa chake ndi kasamalidwe kake. Wopuma salandira kalata. Amangoona tsiku lina mumsewu kuti chovala chimene anakalamba nacho kulibenso. Chithunzi chake cha pakhoma chimasanduka chinthu choseketsa adzukulu. Luso limene ankadzukira nalo tambala asanalire, limene ankalangira nalo anzake ndi kulangidwa nalo, palibenso akulifuna, ndipo palibe anabwera kudzamuuza. Kodi inu mukanatani? Simukananyoza nsaluyo?

Ife ana timangoseka n'kumati madala savomera kusintha. Ineyo ndakhala ndikuseka nawo.

Tibwerere ku Kasanda, kumene dzuwa linali likupendeka, ndipo yunifomu yofunika kuchapa ndi kuuma inali ikadali pakhonde.

Tika anatenga malaya ndi thalauzi lija n'kulowa m'chipinda. Tinamva phokoso ngati munthu akutsegula thumba la simenti. Anali kulowetsa miyendo. Anatuluka akuyenda mowuma, nsalu ikulira pa sitepe iliyonse, anafika pakati pa bwalo, anamenyetsa phazi pansi n'kupereka saluti.

"Sajeni, nabwera ku inisipekishoni."

Atate anapinda nyuzipepala pang'onopang'ono. Anaimirira, ndipo msana umene takhala tikuugulira mankhwala opaka chaka chonse unawongoka. Anaika manja kumbuyo. Anamuzungulira Tika kamodzi, kenaka kachiwiri. Anayang'ana kolala, anakoka thumba la pachifuwa, anawerama kuti awone mzere wa thalauzi ngati ukugwera pakati pa jombo. Ana a oyandikana nawo anali atadzaza pampanda. Amayi anaima pakhomo, mpeni wa anyezi uli m'manja.

"Palibe cholakwa," anatero atate.

Zaka zonse zimene ndakhala mwana wawo sindinamvepo mawu amenewa. Tika anamenyetsanso phazi pansi.

"Pemishoni yokamba, sajeni."

"Kamba."

"Oda inachinja, sajeni. Iyi yunifomu sibalola sitachi, sibalola malaini. Nikangena nayo so pa geti, nizapasiwa chilango."

Ine ndinayang'ana pansi, ndikuwerenga nyerere.

"Ni oda yolembewa?"

"Yolembewa, sajeni."

"Manje uimirira chani apa na yunifomu yolakwika? Kavule. Misozi, leta beseni."

Zinathera pomwepo. Zimene mwana sakanatha kuuza atate ake, msilikali anauza sajeni, ndipo sajeni sakangana ndi lamulo. Amayi anaseka mpaka anakhala pansi pakhomo, atate akuwayang'ana mwaukali wabodza.

Sanalole wina aliyense kuti achape. Anapinda manja a malaya awo, anakhala pa kampando, n'kuyamba kusukuluza ntchito yawo ya m'mawa wonse. Madzi oyamba anayera ngati mkaka. Ndinatunga ena, kenaka enanso. Pa beseni lachitatu nsalu inayamba kufewa, ndipo ndinawaona akuipisa pakati pa zala, akuitembenuza, akulowetsa dzanja m'matumba limodzi ndi limodzi.

"Iyi thumba ya pa mkono ni ya chani?"

Tika anawafotokozera.

"Na iyi nsalu iuma mu maawazi angati?"

"Awiri chabe, ngati kuli zuba."

Atate anagwedeza mutu. "Ise mu mainza, nthawi ya mvula, tinali kugona na zonyowa masiku atatu. Munthu unali kununkha monga thumba ya kapenta." Anafinya thalauzi lija n'kuwonjeza motsitsa mawu, "Ni nsalu yabwino. Koma usakauze bamudala banzanga ku nsolo."

Lamulungu m'mawa yunifomu inali itauma, yofewa ngati mmene inabwerera. Titachokera kutchalitchi ndinaona kuti atate akusowa chochita ndi manja awo. Nsimbi anali ataibweza pamwamba pa kabati. Ankangoyendayenda pabwalo, kusuntha njinga, kuibwezanso pomwe inali.

Ndipamene Tika anatuluka ndi chipewa cha usilikali chatsopano, chija amati bereti, chikadali ndi ubweya wake wa kusitolo.

"Atate, iyi yanikanga. Nikavala ikhala monga chitumbuwa pa mutu."

Anthu inu, mukanawaona. Anaitanitsa madzi ofunda ndi lezala. Anameta ubweya wonse mosamala, anachiviika, anachifinya, anamuveka Tika kumutu, anakokera mbali imodzi mpaka kukhutu, n'kusalaza ndi chikhatho kambirimbiri. Kenaka anamukhazika pa dzuwa.

"Usagwedeze mutu mpaka iume. Bereti iumira pa mutu wa mwine wake."

Tika anakhala pamenepo maola awiri, madzi akutsikira m'khosi. Atate anakokera mpando wawo pafupi, ndipo poti womvera sakanatha kuthawa, anayamba kusimba. Anasimba za sajeni wawo woyamba amene ankayeza mzere wa thalauzi ndi ulusi. Anasimba za mnzawo amene ankagona chiimire kuopa kukwinya malaya a perete. Anasimba za tsiku limene anabweza katundu yense wa boma popuma ntchito, n'kutuluka pa geti atavala malaya a maluwa, mlonda wachinyamata osawazindikira. Nkhani zimenezi ine sindinazimvepo. Ndinakhala pakhonde ndikusenda nyemba, ndikuseka nawo, ndipo ndivomere kuti nsanje inandigwira. Koma chimwemwe chinaposa, chifukwa atate ankaseka mokweza, mutu uli chagada, mano otsala onse ali poyera.

Madzulo ndinamuperekeza Tika kokwerera basi. Bereti inali itakhala bwino zedi, anthu ankacheuka. Ndinamufunsa kuti zinatheka bwanji kuti amalize maphunziro onse aja osadziwa kukonza chipewa.

Anandiyang'ana ngati ndine mwana.

"Ba sisi, niziba. Tinaphunzira wiki yoyamba. Yanga yamene ninakonza kale ili mu chola umu."

"Manje iyi?"

"Ninaisunga dala kuti nikabwere nayo kunyumba. Kuchokera pamene banapumula nchito, kuli wamene anabapemphako kuti bamuonese chinthu?"

Basi inanyamuka, ndipo ndinayenda wapansi mpaka ku Nakoli ndikufufuza tsiku limodzi lokha limene ine, mwana wawo woyamba, ndinawapemphapo. Sindinalipeze.

Nanga inu, nkhalamba ya kwanu ija mumaiseka kuti imakakamira zakale, munaipempha liti kuti ikuwonetseni chimene imadziwa?