Dzina la Mayi ku Dziko la Ayezi

Aphunzitsi athu a Sitandade 6 ku Bangwe anali ndi buku la mamapu lopanda chikuto, lonunkha mphemvu. Tsamba lomaliza linali loyera mbee, ngati osindikiza inki inawathera. Iwo anati kumeneko ndi kumunsi kwenikweni kwa dziko, kumene kuli mitsinje ya madzi oundana yoyenda pang'onopang'ono kuposa birimankhwe, ikukokolola miyala mpaka kunyanja. Azungu amene ankafikako koyamba ankaipatsa mayina, ena a mabwana awo, ena a akazi awo amene anawasiya kunyumba.

Mawu omalizawo anandilowa. Bambo anali atapita ku Kepi kalekale, ndipo foni yawo inali itasiya kupezeka. Malume, amene ankakhala nafe, anandiuza kuti bambo anapeza ntchito yophika m'sitima yopita kudziko lozizira lija, kopanda netiweki. Malume ankanama mokoma, Mulungu awakhululukire.

Inali nyengo yotentha, magetsi akungozimazima. Mafilizesi amene mayi ankagulitsa ankasungunuka tisanafike nawo pamsewu, manja n'kumamata shuga. Ndinkaika limodzi patsaya n'kumaona bambo akuyenda pa ayezi, akusankha mtsinje waukulu woti aupatse dzina la mayi. Ndinauza kalasi yonse. Aphunzitsi anangoti, "Khala pansi, mwanawe," osaseka n'komwe. Lero ndimaona kuti ankandimvera chisoni.

Kenako kunabwera bambo wina wochokera ku Kepi, chimanjamanja. Anakhala ndi mayi ndi malume kuseri kwa nyumba, ine atandituma kukatunga madzi ndowa zili zodzaza.

Lamulungu lotsatira, tikutuluka m'tchalitchi, mnzawo wa kumvano anaitana mayi ndi dzina la bambo, monga mwa masiku onse. Mayi anaima.

"Ndine Naphiri ine. Dzina linalo eni ake anapita nalo, likugwira ntchito komweko."

Ndinalumpha ndi chimwemwe. Ndinawagwira m'chiuno n'kufunsa ngati mtsinjewo ndi waukulu. Mayi anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Waukulu," anatero.

Bambo sanabwerenso, ngakhale pa maliro a malume. Koma tsiku limenelo ndinayenda monyada njira yonse yobwerera kunyumba, osadziwa kuti ku Kepi kunali mayi wina, mwana kumsana, amene ankavomera akaitanidwa ndi dzina lija.