Mbaula ya Amalume M'tenti

Mbaula ija amalume anaipanga ndi chitini cha penti chimene anatola kuseri kwa nyumba imene ankakhala ku Wakefield. Anachiboola ndi msomali n'kuchiikira miyendo ya waya, wina waufupi, moti inkangokhala chopendekeka. Mpaka lero ndikamva fungo la makala onyowa ndimaikumbukira, chifukwa mbaula imeneyi inatsala pang'ono kutipha: ine, amalume, ndi kamlongo kanga ka zaka zinayi.

Amene anayambitsa ulendo wathu wokagona m'tenti ndi aphunzitsi, osadziwa. Tikatsegulira sukulu ankati aliyense asimbe kumene anapita pa holide. Anzanga ankasimba zogona m'matenti, ine n'kumangoti ndinali kunyumba. Ndinawavutitsa amayi mpaka anatopa nane. "Ndinasiya nyumba yaudzu kwathu kuti ndidzagone m'chinsalu kuno?" ankatero. Koma pa holide ya mu Okutobala anabwereka tenti kwa nesi mnzawo, ndipo tinanyamuka pa galimoto ku Bolton kumene tinkakhala, ulendo wa ku chilumba china cha ku Wales chofikira pa mlatho. Amalume anabwera nawo poti mapepala awo okhalira m'dziko muno anali asanatuluke ndipo sankaloledwa kugwira ntchito. Mbaula anaifungatira pamiyendo njira yonse.

Mvula ya kumeneko, abale inu! Inkabwera cham'mbali kuchokera kunyanja, yozizira, yamchere. Masamba ofiirira ankamatirira kunsapato. Anthu onse anzeru anali atabwerera kwawo, moti zotionerera tikulimbana ndi zikhomo za tenti zinali nkhosa basi. Zofunda zinanyowa. Kamlongo kanga kankanjenjemera mpaka mano kugundana.

Mawa lake masana amayi anapita m'tauni kukasaka makina oumitsira zovala. Amalume anatiotchera chimanga panja, pansi pa ambulera. Makala atasiya kufuka, anati moto wabwino chotere suyenera kutayika. "Kwathu mu Juni mbaula imagona m'nyumba," anatero. Anailowetsa m'tenti n'kutseka zipi mpaka pansi.

Sindiwaimba mlandu. Nyumba imene anakuliramo mphepo inkalowera kudenga ndi pansi pa chitseko. Tenti ija inali yapulasitiki, yosalowa ngakhale kamphepo, ndipo mpweya wa makala, umene sumveka fungo, unalibe kotulukira. Iwo anangoona ana a mlongo wawo akuzizidwa.

Kunena zoona, kunakoma. Kutentha kunandilowa mpaka m'mafupa. Mutu unayamba kundiwawa pang'ono, zikope zikulemera. Kamlongo kanga kanagona chitsononkho chili m'manja. Amalume ankaimba nyimbo ya kutchalitchi, mawu akunka nazilala.

Amayi anabwerako msanga chifukwa anapeza malo ochapira aja atatseka, nyengo ya alendo itatha. Ndimakumbukira zipi ikung'ambika, kuwala, ndi mbaula ikuuluka n'kukagwera m'chithaphwi, tswii! Anandikoka mwendo ngati thumba la chimanga n'kunditaya pa udzu wonyowa. Amalume anatuluka chokwawa, akusanza. Kamlongo kanga sikanadzuke.

Amayi anakagoneka pamatope, anakavula jekete, n'kumakasisita pachifuwa mwamphamvu, akukaitana ndi dzina la kwathu limene sitinkalitchula panyumba. Foni ili paphewa, ankalankhula ndi a ambulansi m'Chingelezi cha kuntchito, chosanjenjemera. Kenako kanatsokomola, n'kuyamba kulira kulira kwake kosokosa kuja kumene ndinkadana nako. Amayi anangokhala pansi m'matope momwemo. "Lira, bambo wanga, lira," ankatero, akuseka, mamina ndi misozi zikutsukidwa ndi mvula.

Kuchipatala anatipumitsa mpweya wa m'mabotolo, ndipo tsiku lotsatira anatitulutsa tonse. Pobwerera amalume anakhala kutsogolo m'galimoto, nkhope ili kuwindo. Tikuwoloka mlatho amayi anawapatsira fulasiki ya tiyi. "Imwani achimwene, ana ali moyo." Sindinawamvepo akuwakumbutsa nkhaniyi mpaka lero.

Ine kumbuyo ndinali nditatupa ndi mkwiyo. Ndinawauza amayi m'Chingelezi kuti andiwonongera holide, kuti tinali titafunda bwinobwino iwo n'kudzatitaya pamvula, nanga kwa aphunzitsi ndikanena chiyani? Amayi sanandikalipire. Anangopinda kagalasi kakutsogolo kuti kaloze kwa ife, ndipo njira yonse ya ku Bolton, mlongo wanga akangoyamba kusinza, ankati, "Mtsine." Ndinkamutsina ndi mtima wonse, ndikudabwa kuti lero zaloledwa bwanji.