Bipi ya a Heriberto

A Heriberto Tejerina a ku Toconao ntchito yawo inali yosenza zimbale zikuluzikulu zoyera za pamwamba pa phiri, zimene akatswiri amamvetserera nazo kuthambo. Chimbale chimodzi chimaposa nyumba. Akatswiriwo akafuna kuti zitalikirane, a Heriberto ankakwera chigalimoto cha matayala ambirimbiri, n'kubereka chimbale, n'kukachitula uko. Pakapita miyezi akatswiri omwewo amvekere ziyandikane, iwo n'kuzitutanso kubwerera nazo. Chigalimotocho chikasenza chimayenda ngati anthu operekeza maliro, ndipo dalaivala saloledwa ngakhale kuyetsemula mosasamala.

Asanayambe ntchitoyi ankayendetsa malole ku migodi ya mkuwa ku Calama. Atamva kuti kuphiri kukufunika madalaivala a manja ofatsa anapita, ndipo chimbale choyamba kukwera pamwambapo anali nawo m'gulu lochiperekeza. Chithunzi cha tsikulo chidakali pakhoma m'chipinda chodyera ku kampu ya m'munsi: iwo ali kumapeto, tsitsi lili bii, akuseka mano onse pamtunda. Ku Toconao mwana aliyense ankawadziwa, ndipo pa tsiku lokonza ngalande za m'mudzi ankawapatsa malo pafupi ndi akuluakulu.

Koma abale, pamwamba paja si pokhala munthu. Mpweya ndi wochepa, umayenda ndi botolo la mpweya kumsana, timapaipi tili m'mphuno, dzuwa likukuwotcha nkhope kwinaku mphepo ikukuluma zala. Sabata kumtunda, sabata kunyumba, chaka ndi chaka. Masiku amenewa a Heriberto akatsika ankafika ndi mutu waching'alang'ala, milomo itang'ambika, n'kugona ngati chipika. Akazi awo, a Nolfa, ankatsegula okha madzi m'munda wa nkhuyu ndi mphesa, chifukwa tsiku lawo la madzi linkakonda kugwa amuna awo ali kumtunda kapena ali gone. Tsiku lina mdzukulu anawathamangira pachipata, iwo n'kuima kukamwa yasa, dzina la mwanayo litawathawa. Linabwera pambuyo pake, koma zinawawawa kwambiri.

Anali atatopa. Kutopa kwenikweni, kwa m'mafupa, kosatha ndi tulo. Vuto linali pakamwa. Mwamuna wa ku Toconao anene yekha kuti phiri landikanika? Mawa lake nkhani ili m'sitolo, ili kutchalitchi, ili pa basi ya ku San Pedro. Koma panali njira ina yaulemu. Chaka chilichonse okwera pamwamba amayezedwa m'thupi, ndipo amene bipi yake yakwera amamutsitsira ku galaja ya m'munsi, komwe mpweya ulipo wokwanira. Woteroyo palibe amamuseka. Anthu amangoti phiri lamukana, ndipo amamugulira vinyo.

Kutatsala pang'ono kuti ayezedwe, akudya nkhomaliro ku kampu, kunabwera a Maite Urrejola, katswiri wa ku Concepción, maso ali psuu ndi kusagona, n'kukhala pafupi nawo. Anatsegula kompyuta pakati pa mbale za supu n'kuwaonetsa kabanga kofiira.

"Mukukaona aka, bambo Tejerina? Ndi mlalang'amba wina, wakutali moti kuwala kwake kunanyamuka dziko lathuli lisanakhaleko. Kufiiraku ndi fumbi ndi mpweya wozizira. M'menemo ndi momwe mumabadwira nyenyezi. Ndikufuna ndidziwe kuti mpweyawo ndi wochuluka bwanji, koma zimbale zikatalikirana wambiri sukuoneka. Mpaka muziyandikizanitse."

"Nyenyezi imodzi kuti ibadwe pamatenga nthawi yaitali bwanji, adokotala?"

"Zaka mamiliyoni."

"Ndiye changu n'chachiyani?"

A Maite anaseka mofooka, n'kupukuta m'maso ndi chikhatho. "Nyenyezi zilibe changu, bambo. Wachangu ndi ine. Ndadikira mpata umenewu mpaka imvi izi. Ndamva kuti mwezi wamawa muyamba kusuntha. Mtima wanga umakhala m'malo mukakhala inuyo pa chiwongolero."

A Heriberto anangogwedeza mutu n'kupitiriza kumwa supu. Mayiyo sanalakwe chilichonse, koma mawu akewo anawalemera pamapewa.

Sabata yoyezedwa kampu yonse imanunkha adyo. Madalaivala amasala mchere, amamwa madzi a mandimu, ena amatafuna masamba omwe azakhali awo awauza, zonsezo kuti bipi itsike. Galvarino, mnzawo wa pa chigalimoto, anameza adyo wambiri moti anthu ankamupatukira m'khonde. A Heriberto okha ndi amene anachita zosemphana, mwakabisira. M'mawa wa tsikulo anadzitsekera m'chipinda n'kutafuna nyama yofutsa ya lama, chiweto cha kumapiriko, yamchere yoti lilime lichite dzanzi, n'kutsirira khofi wakuda makapu angapo. Kenako anazungulira kuseri kwa galaja mothamanga, munthu wamkulu ndi imvi zake, mpaka mtima unayamba kugunda m'makutu.

"Akulu, mwatani thukuta chonchi?" anafunsa Galvarino pa benchi ya kuchipatala. "Mukuopa kansalu ka pamkono? Bwerani ndikupumireni kumaso, adyo wangayu atikwanira tonse awiri."

"Choka apa iwe, ukununkha ngati mphika wa pamaliro."

Namwino anali Yasna, mwana wa malemu mnzawo wa ku migodi, mtsikana amene iwo anamuona akukwawa. Anawamanga kansalu pamkono, makina n'kuyamba kufufuma. Atawerenga manambala, nkhope yake inasintha.

"Iii, amalume! Izi ndiye ayi."

A Heriberto anamva kupepuka m'thupi monse. Anayang'ana pansi kuti chimwemwe chisaoneke, n'kuyamba kukonza nkhope ya munthu wolandira uthenga woipa. M'maganizo anali atafika kale kumunda, khasu lili m'manja, madzi akulowa m'mizere.

"Basi mwanawe, lemba zimene wapezazo. Ukalamba suchitira mwina."

"Ndilembe? Inuyo? Ayi amalume, lamulo limalola kubwereza. Mwabwera mothamanga, ndakuonani mukupuma mwabefu. Gonani apa."

Anawagoneka pa kabedi, n'kutseka makatani, n'kuwapatsa madzi. Anawavula nsapato ndi manja ake. Anatuluka kukayeza Galvarino ndi ena onse, n'kuwasiya m'kachipinda kozizira bwino, kachetechete. Iwo anayesa kudzikwiyitsa. Anakumbukira mkangano wa malire a munda, anakumbukira kapitawo wina wa ku Calama amene anawatukwana pagulu. Koma thupi lotopa silimva zimenezo, likangopeza pogona lapeza. Anagona tulo tokoma tomwe anali asanagonepo miyezi yambiri, mpaka mkonono.

Yasna atawadzutsa anayezanso. Bipi inali itatsika, koma osati kwenikweni. Anadikiranso, akuwasimbira za mwana wake amene wayamba sukulu, n'kuyeza kachitatu. Apa anawomba m'manja.

"Mwaona! Yalowa m'malire ololedwa. Pang'onong'ono, koma yalowa." Anasaina msangamsanga, misozi ili m'maso. "Bambo anga atawatsitsa pa lole sanakhalitse, amalume. Anangokhala pakhonde n'kumafota. Inu sindingalole. Chaka china pamwamba!"

Apa ndiye panali poti a Heriberto anene. Mawu anafika pakhosi ndithu: mwanawe, lemba zoyamba zija, ndatopa ine. Koma mtsikanayo anali atawagwira dzanja ndi manja onse awiri, akumwetulira ngati wawombola munthu m'madzi, ndipo panja Galvarino anali atayamba kale kuimba mluzu.

"Zikomo mwanawe," anatero. "Mulungu akudalitse."

M'khonde anzawo anawamenya pamsana mowayamikira mpaka kuwawa. Wina anati nkhalambayi idzatiika m'manda tonse. A Maite anadutsa ndi kapu ya tiyi, atamva nkhaniyo n'kukweza chala chachikulu. Kapitawo anawauza kuti Lolemba ayamba ndi zimbale za kumpoto, zakutali kwambiri zija, ndipo akatenge botolo latsopano ku sitolo.

A Heriberto anatuluka panja, dzuwa lili paliwombo, n'kukhala pa mwala kuseri kwa khitchini. M'kamwa munali mouma ndi mchere. Anaimba foni kunyumba. A Nolfa anayankha mochedwa, akupuma mofulumira, madzi akumveka kuyenda chapafupi. Za maganizo awo aja a Heriberto anali asanawauzepo ngakhale liwu limodzi.

"Ndiye akuti bwanji, amdala?"

"Akuti ndili bwinobwino. Ndikwerabe."

A Nolfa anapumira m'mwamba.

"Pepani, amuna anga," anatero motsitsa mawu. "Pepani kwambiri."